Ndigulitse kaye ya ku Blantyre kapena ndiyambe ndapeza ya ku Lilongwe?

Nabanda_BT

Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndithandizeniko maganizo mutu wanga wayima. Kuntchito andipatsa transfa, ndikuyenera kukayamba ku Lilongwe mu January, ndipo mmene ayankhulira mabwana si za chaka chimodzi ayi, dipatimenti yathu yonse ikusamukira konko. Ine ndi bambo a kunyumba tili ndi nyumba ku Machinjiri, tinamanga tokha pang'onopang'ono, ya zipinda zogona zitatu, ili kumpanda, kuseri kuli kaboyizikota. Maganizo athu ndi oti tigulitse, tiwonjezere kandalama komwe tinasunga, tikagule ina ku Lilongwe, chifukwa za lendi ife tinasiya kalekale ndipo sindikufuna kubwereranso komapempha alandilodi kuti andidikire mpaka pa 30.

Nde nkhani ili apa. Wogula wapezeka kale, sitinalengeze nkomwe, anangomva kwa aneba. Ndi bambo wa bizinesi, tagwirizana K95 miliyoni, koma akuti apereka theka pano, theka linalo pakatha miyezi itatu katundu wake akalowa, ndipo akufuna makiyi akangopereka theka loyambalo poti akuti akufuna ayambe kukonzakonza, kusintha matailosi ndi khitchini. Bambo a kunyumba akuti tilandire basi, munthu wa cash sabwera kawiri. Ine mtima ukukana chifukwa ku Lilongweko sitinapeze kalikonse, zomwe ndaona ndi zithunzi za pa Facebook ndi zomwe ma agent akunditumizira pa WhatsApp, za ku Area 25, Area 49 ndi ina ya ku Area 36, ndipo aliyense akungoti mayi fulumirani pali wina akubwera ndi ndalama mawa, mpaka wina akufuna nditumize viewing fee ndili konkuno ku Blantyre kkkk ndikaone bwanji nyumbayo, m'maloto?

Chinanso mwana wathu wachiwiri ali Standard 8, mayeso ndi cha mu May, kumusuntha pano sizingatheke. Nde tikapereka makiyi mu December iye ndi bambo ake azikagona kuti? Tilowe lendi ku Blantyre komweko, inenso lendi ku Lilongwe, malendi awiri, kwinaku ndalama ya nyumba ikudyeka. Koma tikamukana wogulayu ndikuopanso kuti ndikapeza nyumba yabwino mu February ndidzasowa chopereka, chifukwa ndalama yathu yonse ili mu njerwa za ku Machinjiri.

Amene munadutsamo, munayamba ndi chiti, kugulitsa kapena kupeza kogula? Nanga mwezi wabwino wosamuka ndi uti poti mvula ndi iyi yayambayi?

Madala_a_ku_25

Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, umvereni. Bambo a kunyumbawo muwapatse moni koma muwauze kuti munthu wopereka theka si wa cash, ndi wa ngongole, ndipo ngongole yake ndi yopanda chiwongoladzanja. Ku banki akanakatenga K47.5 miliyoni imeneyo akanamudula chiwongoladzanja chopitirira 25 peresenti pachaka, nde waona kuti bola akongole kwa inu ulele, agulire katundu wake, kwinaku akukhala m'nyumba mwanu.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi. Kuno kwathu choopsa si kusowa wogula, nyumba ya kumpanda yokhala ndi mapepala ogula sasowa. Choopsa ndi masiku amene mulibe nyumba koma muli ndi makwacha ku akaunti. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, tinagona bwinobwino kudzuka zinthu zasintha. Mlamu wanga anali atagulitsa nyumba yake ku Zomba mwezi wa October chaka chomwecho, ndalama ili phee ku banki, iye akuyendayenda kuti asankhe modekha. Sabata imeneyo eni nyumba onse amene amakambirana nawo anakweza mitengo, ena anangoti tasintha maganizo sitikugulitsanso. Munthu wogulitsa nyumba sawerengera zimene anawononga pomanga, amawerengera kuti thumba la simenti ndi lata zili pa bwanji lero. Mlamu wangayo anathera pa puloti ya maziko okha, mpaka pano akumangabe, ali pa lintala. Olo kwacha isagwe mwa tsiku limodzi choncho, mitengo ikungokwera mwezi ndi mwezi, nde K47.5 miliyoni ya mu March si yofanana ndi ya lero.

Komanso mudziwiretu kuti nyumba ngati yanuyo kuno ku Lilongwe mtengo wake umakhala wokwererapo, boma lili kuno, mabungwe ali kuno, aliyense akuthamangira kuno ngati inuyo. Musatchule mtengo wa yanu musanadziwe mtengo weniweni wa imene mukufuna, osati wa pa Facebook uja, agent amaikapo yake pamwamba.

Za mvulazo, ine ndimati mwachita mwayi. Nyumba amaona dzinja, kusamuka nde chilimwe. Mu September nyumba iliyonse ndi yokongola, apaka penti, asesa pabwalo, basi. Pitani mu January kapena February mvula itagwa usiku wonse. Muyang'ane siling'i ngati ili ndi mawanga, mugwire khoma m'munsi cha pansi ngati likuzizira kapena penti ikufufuma, mutsegule ma wardrobe mununkhize. Mukaona chipinda chimodzi chokha chapakidwa penti yatsopano mufunse chifukwa. Muzungulire kuseri mukaone septic tank ndi soak away, malo a dambo zimadzadza msanga ndipo muzidzaitana galimoto yopopa chaka chilichonse. Muone madzi a kwa aneba akumtunda akudutsa pati, ena amaboola mpanda madzi onse nkumathira kwa mnzawo. Ku 49 ndi ku 47 muonenso kutalika kwake ndi Lingadzi, amene tinali kuno 2017 tikukumbuka mmene mtsinje umenewu unasefukira ku Mtandire. Inu a ku Blantyre sindingakuphunzitseni zimenezi, namondwe Freddy munamuona nokha ku Chilobwe mu 2023.

Nde simunanene kuti ofesi yanu ili kuti. Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, Area 36 ili kummwera mbali yotulukira ku Dedza, ndi mbali ziwiri zosiyana zimenezo. Ngati mukagwire ku City Centre kapena ku Capital Hill, 49 ndi 25 ndi bola. Nyumba ikakusangalatsani mudzapiteko 6 koloko m'mawa tsiku la ntchito, mutsegule mpopi muone ngati madzi akutuluka, kenako mukwere minibasi kapena muyendetse mpaka kuofesi muone nthawi. Agent amakonda kukutengani Loweruka masana msewu uli mbee.

Ine ndikanakhala inu, January ndikanabwera ndekha ndi chikwama, nkupeza kachipinda kapena kukhala kwa achibale, banja nkutsala m'nyumba mwawo ku Machinjiri. Viewing fee musatumize, amalipira munthu ataima pageti.

Wamafayilo

Achemwali, ine ndimagwira ntchito ku ofesi ya maloya, sindine loya ayi, ndine uja amanyamula mafayilo kupita nawo ku Lands ndi ku MRA nkumakakhala pabenchi, nde za nthawi yomwe zinthuzi zimatenga ndimaziona.

Ndiyambe ndi makiyi. Musapereke. Munthu akalowa m'nyumba, waphwanya khitchini, wamata matailosi ake, miyezi itatu yakwana akuti katundu wanga wakanirira pa border, mumutani? Simungamutulutse ndi manja, mupita kukhoti, iye akatenga injunction, chiletso cha khoti choti musamutulutse, azikanena kuti ndawonongapo ndalama zanga zambiri pokonza, ndipo theka munalandira lija mwina mwaperekako kale dipoziti ku Lilongwe simungabweze. Mafayilo otere ali mbwee mu kabati mwathu, ena akhala zaka. Makiyi ndi title deed zimatuluka ndalama yomaliza ikalowa, osati ikalonjezedwa, osatinso pa screenshot ya transfa, muone nokha ku akaunti.

Chachiwiri, anthu amaganiza kuti kugulitsa nyumba ndi tsiku limodzi, ndalama uku makiyi uku. Ayi ndithu. Funso loyamba, malo anu a ku Machinjiriwo mwini wake wamkulu ndani? Pali malo a Ministry of Lands, pali a Malawi Housing Corporation, pali a City Council, pali ena oti munthu anangogula kwa amfumu ali ndi kakalata kodinda. Ngati ndi lease, kusintha dzina kumafuna consent, chilolezo cha eni malowo, ndipo sakupatsani muli ndi ngongole ya ground rent. Ku City akufuna ma city rates akhale olipira. Ku MRA kukufunika tax clearance, kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Chilichonse pamenepa chili ndi mzere wake, fayilo imatha kugona pa desiki ya munthu amene wapita ku maliro, ndipo December ndi mwezi woipitsitsa poti maofesi ambiri amatseka pa Khrisimasi nkudzatsegula mwaulesi mu January. Nde chimene mungachite pompano osadikira wogula, tulutsani mapepala anu onse, lipirani ma rates ndi ground rent, mabilu a Water Board, muone ngati dzina la pa deed ndi lomwe lili pa chitupa chanu. Mungadabwe anthu angati amazindikira tsiku logulitsa kuti puloti idakali m'dzina la amene anawagulitsa 2009. Mapepala anu akakhala oyera, tsiku lomwe mwapeza nyumba ku Lilongwe kugulitsa kwanu kumathamanga.

Mbali yogula ndi chimodzimodzi koma motembenuza. Musapereke olo K1 musanapange search ku Lands Registry. Search imaonetsa dzina la mwini, imaonetsa ngati nyumbayo anaikira chikole ku banki, imaonetsanso ngati wina anaikapo caution, chiletso choti nyumbayo isasinthidwe dzina. Mukumane ndi mwini wake maso ndi maso, chitupa chake m'manja, osati agent yekha amene akuti abwana ali ku Joni andisiyira zonse. Ngati ndi nyumba ya masiye mufunse letters of administration, makalata a khoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, ndipo mudziwe ana onse ngati agwirizana, chifukwa zimachitika kuti mwana mmodzi wagulitsa mwakachetechete, inu mwalowa, mwezi wamawa mukuona azichemwali ake atatu pageti ndi loya. Ngati wogulitsa ali pabanja mkazi kapena mwamuna wake asayinireko. Ndipo pitani ndi munthu wodziwa akaone ma beacon osonyeza malire a puloti, mpanda si malire nthawi zonse, ena anamanga mpanda kudya msewu.

Pa bajeti yanu musawerengere mtengo wa nyumba wokha. Stamp duty, msonkho wa boma posintha umwini wa nyumba, amalipira wogula, nde ku Lilongweko ndi inu, kuphatikiza loya, kuphatikiza valuation ngati mukufuna kuwonjezera ndi ngongole ya ku banki, ndipo banki imafuna title deed, kalata ya amfumu salandira. Komishoni ya agent mugwirizane polemba kuti akulipira ndani, apo bii mudzaona anthu anayi aliyense akuti ndine ndinakupezerani.

Tsono funso lanu lenileni, chiyambe ndi chiti. Zimene ndaona zikuyenda bwino ndi izi, mumapeza nyumba, search yatuluka bwino, nde ma agreement awiriwo mumasayina moyandikana, sabata imodzi ngati nkotheka. Wogula wanu amaika ndalama yonse ku akaunti ya makasitomala ya loya, loya amatumiza kwa wogulitsa wa ku Lilongwe malinga ndi zomwe mwalemba, ndalama sigona mwa inu. Ndipo mu agreement ya ku Machinjiri mumaikamo ndime yoti mukhalabe m'nyumbamo mpaka tsiku lakuti, mukulipira lendi yakuti, kapena aichotseretu pa mtengo. Anthu ambiri sadziwa kuti zimenezi zimatheka, umagulitsa nyumba nkukhala tenanti wa wogula miyezi iwiri itatu. Wogula amene akugula kuti aziikamo anthu a lendi amavomera msanga, tenanti wamupeza kale wosamala nyumba. Loya akhale wanu, osati wa wogulayo.

Aphunzitsi_Mai_a_Tada

Ine nde ndibwera ndi zosiyana, mundikhululukire. Mukugulitsiranji? Transfa ndi transfa asisi, amene wakutumizani ku Lilongwe lero akhoza kukubwezani ku Blantyre pakatha zaka zitatu, mabwana amasintha, maganizo amasintha, ife a m'boma tinazolowera. Nyumba munamanga nokha mukudziwa kuti mu maziko munalowa simenti yochuluka bwanji, mukagule ya munthu wina amene anamanga kuti agulitse, matumba awiri mchenga ngolo yonse, pamwamba penti yowala. Ikani tenanti ku Machinjiri, main house payokha boyizikota payokha, azilipira miyezi itatu itatu, ndalama imeneyo muzilipirira lendi ku Lilongwe muziwonjezera pang'ono. Kandalama munasungako mugule puloti mbali ya Lilongwe, muzimanga monga munachitira poyamba. Mapeto ake muli ndi nyumba ziwiri. Ndikudziwa mwati za alandilodi munatopa nazo, koma chaka chimodzi cha lendi chimakuphunzitsani tauni, mumadziwa kuti uku madzi amavuta, uku akuba, uku fumbi, uku tchalitchi chili pafupi. Kugula nyumba mu tauni imene simunagonemo ndi kulimba mtima kwambiri.

Za mwanayo ndiyankhe ngati mphunzitsi. Mwachita bwino osamusuntha, analembetsa kale ku MANEB pa sukulu yakeyo ndipo teremu yachiwiri ndi imene timamaliza silabasi ndi kuyamba kubwereza, mwana wosamuka nthawi imeneyi amasokonekera, olo kungosamuka nyumba mu tauni momwemo, mabuku ali m'makatoni, akugona pabalaza kwa azakhali. Musiyeni pa bedi lake mpaka alembe. Koma muganizirenso za patsogolo, akalembera ku Blantyre, akasankhidwa ku day secondary adzasankhidwira ya ku Blantyre konko, nde mudzafunika kuyenda ndi makalata a transfa kuchoka ku South West Education Division kupita ku Central West, ndipo malo ku sukulu za mu tauni ya Lilongwe ndi ovuta. Akapita ku boarding nde palibe vuto. Ngati mukuganiza za private yambani kufunsa malo mu June. Ana enawo teremu yachitatu imatha mu July, chaka chatsopano chimayamba mu September, nde August ndi mwezi wanu wosamuka, kulibe mvula, kulibe sukulu.

Madala_a_ku_25

Aphunzitsi mwanena zomveka koma ulandilodi wa pa foni ndi wowawa. Tenanti ali ku Machinjiri inu muli makilomita opitirira 300, akuti geyser yaphulika, akuti mpanda wagwa, akuti malipiro achedwa, mukwera basi kangati? Komanso lendi ya ku Machinjiri singakwanire nyumba yofanana nayo ku 49, aziwonjezera mwezi uliwonse, nde yomangira ichokera kuti ndi mitengo ya simenti ya masiku anoyi. Zimatheka ngati kuli m'bale wokhulupirika woyang'anira, ndipo abale okhulupirika pa ndalama ya lendi mukuwadziwa nokha kuchuluka kwake kkkk. Koma pa mfundo yoti ayambe akhalamo mu tauni asanagule, pamenepo tili limodzi.

Achimwene a mafayilo, funso langa kwa inu, bwanji angogwirizana ndi wogulayo pano kuti zonse zidzachitike mu July?

Wamafayilo

Madala, zimatheka koma amene aluze ndi achemwaliwa. Mukasayina lero K95 miliyoni yodzalandira mu July mwamanga mtengo wanu, pamene wa ku Lilongwe sunamangidwe, ukuyendabe. Bola kumuuza wogulayo kuti nyumba tikugulitsani inuyo, mukhala woyamba kufunsidwa, koma mtengo tidzamanga tsiku lomwe ndalama yanu yonse yakwana ndipo ifenso tapeza kolowera. Iye mwini wanena kuti ndalama ikwana pakatha miyezi itatu, nde adikire miyezi itatu yakeyo ali kwawo. Ngati ndi wogula weniweni sathawa. Akathawa nde kuti amafuna nyumba ya theka la mtengo.

Chembe_Leeds

Ndikuwerenga ndili kuno ku UK nkumaseka ndekha chifukwa mutu womwewu ukuwawanso anthu kuno, kungoti kuno anaupangira dongosolo. Amati chain, iwe ukugula kwa uyu, uyunso akugula kwa wina, wina uja kwa winanso, nde maloya a anthu onsewo amagwirizana tsiku limodzi, ndalama imayenda kuchoka pansi kukafika pamwamba, m'mawa umapakira katundu mu van, masana ukudikira foni yoti ndalama yafika kukatenga makiyi kwa agent. Koma musaganize kuti ndi zokoma, ku England musanasinthane ma contract aliyense akhoza kungotuluka popanda mlandu, munthu mmodzi pakati banki ikamukana mortgage, ngongole yogulira nyumba, chain yonse yagwa, anthu asanu abwerera poyambira atalipira kale survey ndi maloya. Nde zomwe akunena a Wamafayilo zoti ndalama idutse kwa loya ndipo ma agreement ayandikane ndi chain yomweyo, yaifupi, ya anthu atatu. Kusiyana kwake kuno munthu akagulitsa nkukhala pa lendi miyezi sikisi ndalama yake imakhala idakali yomweyo, kumudzi ayi. Ine ndinatumiza ndalama yomangira kwathu ku Nkhotakota, quotation ya January pofika April inali nthano.

Langizo langa limodzi, nambala imene agent wakupatsani kuti ndi ya mwini nyumba musaikhulupirire yokha, mufunse aneba kuti nyumba iyi ndi ya ndani. Ife a kunja atibera kwambiri ndi nyumba za eni ake ojambulidwa kunja kwa geti.

Nabanda_BT

Eee zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera bambo a kunyumba zonse usiku, poyamba amati anthu a pa intaneti adziwa chani, koma pofika pa nkhani ya injunction anakhala chete kenako anati tamuimbire. Tamuuza wogula uja mmene ananenera a Wamafayilo, kuti makiyi ndi pa ndalama yonse ndipo tikufuna tikhalemo mpaka kumapeto kwa July tikulipira lendi. Sanakondwe, akuti akaganize, akutinso mtengo tikadzakambirananso mu March ndi chinyengo poti tinagwirana kale chanza. Bambo a kunyumba pamenepo akumva manyazi poti ndi munthu wodziwana ndi aneba athu ndipo amapemphera limodzi ndi achimwene awo. Kaya.

Madala, ofesi ili ku City Centre, nde Area 36 ndaichotsa. Ndikafikira kwa mwana wa azakhali anga ku Area 18 mwezi woyamba, kenako ndiona. Aphunzitsi maganizo anu sindinawataye, kungoti bambo a kunyumba ntchito yawo ndi ya ukalipentala ndi kuwotcherera, akufuna pakhomo pawopawo poika shedi ndi makina, pa lendi alandilodi salola phokoso limenelo. Malo athu ndi a Housing, ndapeza kuti ground rent tili ndi ngongole ya zaka zingapo, ndikalipira sabata ino.

Funso lina, nanga ndikapeza nyumba mu February wogula wanga asanakonzeke, mwini wake nkumafuna dipoziti kuti andisungire, ndipereke zingati ndipo ndingadziteteze bwanji? Komanso a lole amatchaja bwanji Blantyre to Lilongwe, makina a bambowa ndi olemera.

Wamafayilo

Kugwirana chanza pa nkhani ya malo si agreement achemwali, za malo zimayenda polemba, ndipo iye ndi amene anabwera ndi theka, nde asakuopsezeni ndi manyazi. Muthanso kumupatsa mpata, mumuuze kuti akabweretsa yonse isanathe January mtengo ukhala womwewo bola inu mwapeza kolowera. Pakadali pano uzani anthu ena awiri atatu kuti nyumba ikhoza kugulitsidwa, mukhale ndi wina wapambali.

Dipoziti perekani yochokera mu ndalama munasunga ija, yoti itakanirira miyezi ingapo simufa nayo, ambiri amayambira pa 10 peresenti koma zimakambidwa. Search iyambe yatuluka. Ndalamayo ipite kwa loya aisunge, isapite m'manja mwa agent. Mu pepalalo mulembe mtengo wonse kuti wamangidwa, tsiku lomaliza kulipira, ndi chimene chidzachitike zikakanika, mbali yanu kapena yake. Apa nde pamene anthu amalira, amalemba kuti dipoziti yaperekedwa koma osalemba kuti ibwezedwa liti ndipo yonse kapena ayi. Mudzipatse masiku okwanira, ngati wogula wanu akuti March inu lembani kumapeto kwa April. Mukasayina loya wanu akhoza kukaika caution ku Lands kuti nyumbayo isagulitsidwenso kwa wina inu mukudikira. Mufunsenso ngati muli matenanti, notisi yawo apereke ndi mwini wakeyo musanamalize kulipira, osati mudzalimbane nawo inu lole ili panja.

Madala_a_ku_25

Za lole mitengo ikusintha ndi mafuta nde aliyense akutchulirani yake, koma njira yotchipa ndi kufunsa malole amene abweretsa katundu ku Blantyre kapena ku Limbe akubwerera ku Lilongwe opanda kanthu, amenewo amatsika mtengo kwambiri kusiyana ndi woti anyamuke chifukwa cha inu. Mufunse ya tenti olo kuli chilimwe, fumbi la mu August si la masewera. Makinawo akwere koyamba, kutsogolo, amangidwe ndi zingwe zawozawo, ndipo munthu wanu mmodzi akwere nawo lole, mulembe mndandanda wa katundu poti pa ma roadblock a pa M1 amafunsa, malisiti a makina ngati alipo akhale pafupi. Anyamuke m'mamawa kuti adzatsitse kukuwala.

Poti bambo akufuna shedi, mukamaona nyumba muzifunsa ngati mzere wa ESCOM wa pamenepo ungakoke makina owotcherera komanso ngati three phase ili pafupi, ndipo puloti ikhale yoti lole ikhoza kulowa pageti. Ku 25 kuno ma puloti otere alipo kuposa ku 49, aneba akunonso phokoso la grinder analizolowera. Mukafika mu January mudzanene pano, mayi a kunyumba amadziwa nyumba zingapo zomwe eni ake akufuna kugulitsa koma sanapereke kwa ma agent.